MBIRI YA CIGOBA COYERA

Ku America kuli mwambo wakuti usiku wa pa 31 October ana amabvala zoopsa, nayenda khomo ndi khomo kupempha zotsekemera, ndipo pamakomo pamayaka nyali za m'maungu. Usikuwo amaucha Halloween. Lero tifuna kufotokozera awerengi athu za nthano ina ya pa kanema yochedwa ndi dzina lomweli, imene yakhala ikusimbidwa zaka zoposa 40, ndipo zithunzi zace zakwana 13.

Ciyambi cace cinali caumphawi. M'caka ca 1978 mnyamata wina, John Carpenter, pamodzi ndi Debra Hill, analemba nkhani ya Michael Myers, mwana wa zaka 6 amene anapha mlongo wace ndi mpeni, natsekeredwa m'nyumba ya odwala misala, nathawamo zitapita zaka 15 kubwerera kwao ku Haddonfield. Ndalama anali nazo madola ngati 300,000 okha, ocokera kwa Moustapha Akkad, mbadwa ya ku Syria. Nyimbo anapeka Carpenter yemweyo. Popeza anajambula ku California m'nyengo ya mphukira, pamene nkhaniyo iri ya nyengo yakuyoyoka masamba, anapaka masamba utoto, nawamwaza, nawatolanso m'matumba kuti akawamwaze pena. Cigoba ca wakuphayo anacigula m'sitolo ndi madola osakwana 2. Cinali ca nkhope ya William Shatner, iwo nacipaka coyera, nakuza maso ace. Cithunzico cinabweza madola oposa 45 miliyoni ku America kokha.

Nanga mphamvu yace inagona pati? Mwazi m'menemo ngwocepa ndithu. Munthuyo salankhula, sathamanga, angoima kuseri kwa mpanda kapena pakati pa nsaru zoyanika, ndipo poyang'ananso palibe. Cifukwa cace cakuphera sitiuzidwa. Sing'anga wace, Dr. Loomis, amene anali Donald Pleasence, anamyang'anira zaka 15 osapeza dzina lina la nthendayo koma coipa. Potsiriza amuwombera kasanu ndi kamodzi, agwa pansi kucokera pamwamba, koma posuzumira pamene anagwapo mtembo palibe. Ife amene taphunzitsa ana tidziwa kuti mwana aopa kwambiri ciswaswa ca m'udzu koposa njoka imene waiona.

Pamenepo nthano ikadatha. Koma ndalama zinakoma, ndipo otsatawo anayamba kucita cimene woyamba anakana, ndico kulongosola. Mu 1981 anati namwali wopulumukayo, Laurie Strode, ndiye mlongo wina wa Michael. Mu 1995 anati munthuyo agwidwa ndi temberero la gulu lina lacinsinsi. Mu 2007 Rob Zombie anati gwero lace ndi banja loipa limene anakuliramo. Ife tiyesa kuti cifukwa ciri conse cinamcepsa, pakuti wakupha amene tidziwa cimene afuna tingathe kumlambalala, koma uja wa 1978 akadaima pa khomo la munthu ali yense. Kamodzi kokha, mu 1982, anayesa kusimba nthano ina yopanda Michael, anthu naikana. Mu 1988 anamuutsanso.

Imfa zace nzoseketsa pang'ono. Mu 1981 anapsa ndi moto m'cipatala. Mu 1998 Laurie anamdula mutu ndi nkhwangwa pamaso pa onse; koma mu 2002 tinauzidwa kuti wodulidwayo anali munthu wina, wonyamula odwala, amene Michael anambveka cigobaco. Pofika 2018 nthano inapiringizika kotero kuti David Gordon Green anataya zonse za pakati, natsata coyamba cokha, monga ngati zinazo sizinasimbidwe. Jamie Lee Curtis, amene anali Laurie ali mtsikana, anabwera tsopano ali gogo wa imvi, wokhala m'nyumba ya mipiringidzo ndi mfuti, amene mantha a usiku umodzi anamuonongera banja. Apo tiona kuti anapeza kanthu koona: anasiya kufunsa za wakupha, nayang'ana cipsera ca wotsala.

Mbeu yace inamera msanga. Friday the 13th inaturuka mu 1980, A Nightmare on Elm Street mu 1984, ndi zina zosawerengeka, zambiri mwa izo zotola mpeni ndi cigoba, zosiya kuleza kuja kumene Carpenter anadikiritsa nako oonera. Ena anadandaula kuti m'zithunzi izi ophedwa ndi atsikana acimasomaso, wodzisunga ndiye apulumuka. Carpenter anakana kuti sanali kulalikira. Mu 2006 Library of Congress inaika cithunzi coyamba cija pakati pa zoyenera kusungidwa ndi dziko.

Mu 2022, m'cithunzi ca 13, anthu a ku Haddonfield anaperekeza mtembo wa Michael usiku, nauponya m'makina opera zitsulo, mudzi wonse uli kupenya. Caka cotsatira kampani ya Miramax inagula ufulu wakuikanso nkhaniyo pa televizioni.