Chaka cha Ayuda: Masiku a Phwando ndi Masiku Osala Kudya

1. Lachisanu madzulo ku Mwami

Amene munadwazikako matenda pa chipatala cha Mwami mukudziwa. Lachisanu dzuwa likangolowa, a mpingo wa Seventh-day Adventist amati Sabata layamba. Limatha Loweruka dzuwa likalowanso. Chipatalachi ndi cha mpingowu, ndipo chinayamba mu 1927.

Anthu a Sabata si Ayuda ayi. Koma kawerengedwe aka ka tsiku n'kachiyuda. Kwa Myuda tsiku limayamba madzulo, osati m'mawa. Lachisanu mayi wa pabanja amayatsa makandulo awiri dzuwa lisanalowe. Bambo amadalitsa vinyo ndi mikate iwiri. Moto sakoleza mpaka Sabata litatha.

2. Amawerenga mwezi wakumwamba

Makolo athu ankayang'ana mwezi. Ayuda nawonso amatero mpaka lero. Kale mwezi ukaoneka, ndiye kuti mwezi watsopano wayamba; lero amachita kuwerengera, koma miyezi yawo imatsatirabe mwezi wakumwamba. Miyezi 12 yotere imakwana masiku pafupifupi 354, choncho chaka chawo chimaperewera ndi masiku 11. Pofuna kuti maphwando asasemphane ndi nyengo, amaonjezera mwezi wina kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. N'chifukwa chake masiku awo amasuntha pa kalendala yathu. Mu Seputembala 2025 iwo analowa chaka cha 5786.

3. Mwezi wa malipenga

Chaka chatsopano amachitcha Rosh Hashanah. Chimabwera mu Seputembala kapena kuchiyambi kwa Okutobala. M'sunagoge amaliza nyanga ya nkhosa yamphongo. Kunyumba amadya apozi woviika mu uchi, kupempha chaka chokoma.

Kenako pamabwera masiku oyanjana. Amene unamulakwira umamutsatira n'kumupepesa. Aphunzitsi awo amati mlandu wa munthu ndi mnzake sutha ndi pemphero lokha.

Tsiku la 10 la mweziwo ndi Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo. Ili ndiye tsiku lalikulu kuposa onse. Munthu amakhala maola pafupifupi 25 osadya, osamwa ngakhale dontho la madzi. Sasamba, sadzola mafuta, savala nsapato zachikopa. Ambiri amavala zoyera n'kutandala m'sunagoge. Tangoganizani ludzu lake kuno kwathu, m'nyengo imene dzuwa limaswa mtengo! Ana aang'ono sasala. Wodwala kwambiri amauzidwa kuti adye, pakuti moyo ndiwo umayamba, lamulo pambuyo.

Tsikuli lili ndi mbali m'mbiri ya Mwami. Ku America, otsatira a William Miller anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844, poti anawerengera kuti ndilo Tsiku la Chitetezo la chakacho. Yesu sanabwere. Mwa anthu okhumudwawo munatuluka mpingo wa Adventist, umene unadzamanga Mwami.

4. Misasa

Patangopita masiku asanu, akusala aja amayamba kusangalala. Ndi Sukkot, phwando la misasa. Banja limamanga msasa panja, denga lake la nthambi, losafolera kwambiri kuti nyenyezi zizioneka. Amadyeramo masiku asanu ndi awiri. Amakumbukira zaka 40 zimene makolo awo anayenda m'chipululu opanda nyumba. Inu amene munagonako mu msasa wa udzu pa msonkhano wa misasa, chithunzi chake muli nacho kale.

Phwando likamatha amayamba kupempherera mvula. Apa tikufanana. Mvula ya ku Israel imayamba mu Okutobala kapena Novembala, nthawi imene mlimi wa ku Chipata wasosa kale ndipo maso ali kumwamba. Kungoti kwawo imagwa m'nyengo yozizira. Akapempherera mvula amavina ndi mipukutu ya Torah, Malamulo a Mose, chifukwa amaliza kuiwerenga chaka chonse ndipo akuiyambanso.

5. Nyali ndi phokoso

Chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala kuli Hanukkah. Amayatsa nyali masiku asanu ndi atatu, tsiku lililonse kuonjezera imodzi. Amakumbukira Yudasi Makabeo, amene anayeretsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 164 Yesu asanabadwe. Mu Febuluwale kapena Malichi kuli Purim. Amawerenga buku la Estere, ndipo dzina la Hamani likatchulidwa ana amachita phokoso kuti lisamveke. Osauka amalandira mphatso.

6. Pasika ndi zipatso zoyamba

Pasika, amene iwo amati Pesach, amadza mu Malichi kapena Epulo. Nyumba yonse imasesedwa kuti pasatsale kanyenyeswa ka mkate wotupitsa. Usiku woyamba banja limadya mkate wopanda chotupitsa ndi masamba owawa. Mwana wamng'ono pa onse ndiye amafunsa chifukwa chake usikuwu ndi wosiyana ndi ena. Akulu amayankha ndi nkhani ya ukapolo wa ku Iguputo. Njira iyi ndi yanzeru: mwana saiwala yankho la funso limene wafunsa yekha. Ku Israel phwandoli limatenga masiku asanu ndi awiri, kumaiko ena asanu ndi atatu.

Akawerenga masabata asanu ndi awiri, tsiku la 50 ndi Shavuot, limene Akhristu amati Pentekoste. Kale alimi ankapereka zipatso zoyamba ku Kachisi. Angoni a Mpezeni sangadabwe nazo, poti pa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale mfumu ndiyo imayamba kulawa zam'munda. Lero Ayuda amakumbukira pa tsikuli Malamulo a pa phiri la Sinai.

7. Masiku a chisoni

Masiku osala pa chaka alipo asanu ndi limodzi. Anayi ndi a m'bandakucha mpaka madzulo. Lina ndi Yom Kippur lija. Lotsalalo ndi Tisha B'Av, mu Julayi kapena Ogasiti. Amalira Kachisi amene Ababulo anagwetsa cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, ndi wachiwiri amene Aroma anatentha m'chaka cha 70 Yesu atabadwa. Amakhala pansi ngati pamaliro n'kuwerenga buku la Maliro.

8. Ayuda a m'Zambia

Elie ndi Harry Susman, apachibale ochokera ku Lithuania, anafika ku Barotseland mu 1901 kudzagula ng'ombe. Ena anatsatira. Sunagoge wa ku Livingstone anamangidwa mu 1928, ndipo ena anamangidwa ku Lusaka ndi m'matauni a migodi monga Ndola ndi Kitwe. M'zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dziko lino analipo pafupifupi 1,000. Mmodzi wa iwo, Simon Zukas, anathamangitsidwa ndi atsamunda mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu, ndipo anadzakhala nduna ya boma.

Ambiri anasamuka dziko litalandira ufulu mu 1964. Mapemphero akuluakulu a m'sunagoge amafuna amuna khumi, ndipo khumiwo atasowa masunagoge anatsekedwa. Wa ku Livingstone lero ndi tchalitchi.

Pasika ndi Sukkot zimayamba pa tsiku la 15 la mwezi wachiyuda, mwezi uli wathunthu. Funsani aphunzitsi anu deti la Pasika wa Ayuda chaka chino, ndipo usikuwo mutuluke panja mukaone nokha.