Mapiri a Mangochi ndi Namizimu pa nyengo ya mphukira

Mapiri a Mangochi ndi Namizimu ndi mtandadza wa mapiri umene uli kuvuma kwa mtsinje wa Shire, kwa nyanja ya Malombe, ndi kwa mapeto akumwera a nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi. Phiri la Mangochi lili kumwera kwa msewu wopita ku Namwera, pomwe a Namizimu amayambira kumpoto kwa msewuwo n'kutsata gombe kudutsa kuseri kwa Malindi mpaka kudera la Makanjira, kumalire ndi dziko la Mozambique. Nyengo ya mphukira ndi masabata ochepa a pakati pa chisanu ndi chilimwe, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, pamene mitengo ya m'mapirimu imatulutsa masamba atsopano mvula isanagwe. Alendo ambiri obwera ku Mangochi amathera pamchenga wa ku Nkopola, ku Monkey Bay kapena kwa Chembe, mapiriwa n'kumangowaonera patali ali mbuu tsidya la madzi. N'zachisoni ndithu, chifukwa dzina lenileni la tauni ya Mangochi lidatsika kuchokera kumapiri komweko.

Kutalika ndi kazizidwe

Madzi a nyanja ya Malawi ali pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo tauni ya Mangochi ili pamlingo womwewo. Nsonga ya phiri la Mangochi imafika mamita 1,742. Choncho munthu amene wadzuka pagombe n'kukafika pansongapo wakwera mamita oposa 1,200. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, kotero pamwambapo pamazizira ndi madigiri 7 kapena 8 poyerekeza ndi kunyanja. Kusiyanaku sikumveka kwambiri masana dzuwa lili paliwombo. Kumamveka m'bandakucha, pamene munthu amene adazolowera kugona wosafunda kugombe amadzuka mano akugwedera.

Kutalika kotereku sikudwalitsa. Matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya m'mapiri, aja a mutu, nseru ndi befu, nthawi zambiri amayamba munthu akapitirira mamita 2,500, ndipo m'Malawi muno malo otere ndi ochepa, monga nsonga ya Sapitwa ku Mulanje imene ili pa mamita 3,002. Chimene chimagwetsa anthu m'mapiri a Mangochi ndi ludzu ndi dzuwa la m'munsi mwa phiri.

Mphepo ya mwera, imene imavutitsa asodzi kuyambira Meyi, imakhala ikuombabe mu Ogasiti koma ikuleza. M'masiku ena nkhungu imakuta nsonga za mapiri m'mawa, udzu n'kunyowa ngati kwagwa mawawa, kenaka kumayera dzuwa likakwera. Pofika pakati pa Seputembala nkhungu imatha, m'malo mwake mumabwera utsi wa lupsa.

Mphukira

Wokwera phiri amadutsa m'mitundu itatu ya tchire. Pagombe ndi m'chigwa muli milambe, migwalangwa ndi mitengo yaminga, ndipo panthawiyi milambe imakhala yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Chitunda chikayamba, pamabwera nkhalango ya miombo: mombo, tsamba, mchenga, misuku ndi milombwa yapatalipatali. Pamwamba penipeni ndi m'zigwembe zonyowa muli timagawo ta nkhalango yowirira yosayoyola masamba, ya mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere ndi zilambe, mmene mumakhala mthunzi ndi chinyontho chaka chonse.

Chokopa cha nyengoyi chili m'gawo lapakatilo. Miombo imayoyola masamba m'chisanu, n'kukhala mbee kwa masabata angapo. Ndiye kukangoyamba kufunda, mvula ikadali miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo, nthambi zimaphukira. Tsamba latsopano silituluka lobiriwira. Limatuluka lofiira ngati magazi, lina lofiirira ngati mkuwa, lina lotuwira ngati mnofu wa gwafa, lofewa ndi lonyezimira ngati lapakidwa mafuta, litalendewera pansi chifukwa silinalimbe. Mtengo uliwonse umaphukira patsiku lakelake, kotero phiri limodzi limaonetsa mitundu yambiri nthawi imodzi: uwu wangofiira kumene, uwo wayamba chikasu, winawo wabiriwira kale. Patatha sabata ziwiri kapena zitatu kufiira kuja kumazimirira, nkhalango yonse n'kusanduka yobiriwira.

Mitengoyi imatha kuphukira pansi pali gwa chifukwa mizu yake imazama kukafika pa chinyontho chimene mvula ya dzinja lapitalo idasiya, komanso imasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu. Kufiirako kumachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa anthocyanin, umene umadzaza m'tsamba lanthete lisanapange utoto wobiriwira wokwanira. Akatswiri a zomera amati utotowu umateteza tsambalo ku ukali wa dzuwa, ndipo ena amati umathandizanso kuti tizilombo todya masamba tisalikonde. Phindu lake kwa mtengo n'lakuti mvula yoyamba ikamagwa mu Novembala, masamba amakhala atakhwima kale, okonzeka kugwira ntchito.

Pali phokoso limodzi la nyengoyi limene mlendo saliiwala. Dzuwa likatentha, nyemba zouma za mombo ndi tsamba zimapotoka n'kuphulika, thwa! ndipo njere zimaulukira kutali ndi mtengo. Wongofika kumene amacheuka kuyesa wina wathyola nkhuni kumbuyo kwake. Pansi pamakhala makoko opotanapotana. Pamalo amene moto wadutsa kale, timaluwa tating'ono timatuluka m'phulusa momwemo udzu usanamere, ndipo njuchi zimachuluka. Masuku panthawiyi amakhala akadali aawisi, olimba ngati miyala. Okonda masuku ndi bowa ayenera kudikira mvula.

Nyama zimene munthu angakumane nazo kawirikawiri ndi anyani, apusi, agwape ndi mbira za m'matanthwe. Nguluwe zimadziwika ndi pamene zafukula. Nkhalango ya Mangochi imagundana ndi malo osungirako nyama a Liwonde, ndipo njovu zakhala zikuyenda pakati pa malo awiriwa kuyambira kalekale. Bungwe la African Parks, limene lidayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, lidatenganso nkhalango ya Mangochi mu 2018. Ndowe zatsopano za njovu panjira ndi chenjezo lokwanira kuti gulu liime n'kumvera woperekeza.

Mudzi wa Jalasi ndi linga la atsamunda

Phiri la Mangochi ndi lalikulu m'mbiri ya Ayao. Gulu lina la Ayao limatchedwa Amangoche chifukwa lidakhalako kudera limeneli lisanakankhidwire kumwera, kumapiri a Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje, cha m'ma 1860. Pambuyo pake mfumu Jalasi, imene mabuku a Angerezi amailemba kuti Zarafi, idamanga mudzi wake waukulu pamwamba pa phirili. Malowo adasankhidwa mwanzeru: pali madzi, pali nthaka yolima, ndipo aliyense wokwera kuchokera kuchigwa amaoneka akadali kutali. Jalasi anali m'gulu la mafumu amene ankagwira njira za malonda a minyanga ndi akapolo zopita kugombe la nyanja ya Indian, pamodzi ndi Mponda ndi Makanjira.

Mtsamunda wa Chingerezi Harry Johnston atakhazikitsa linga la Fort Johnston m'mbali mwa Shire mu 1891, nkhondo ndi mafumuwa idayamba. Mu Febuluwale 1892 asilikali a atsamunda adayesa kukwera phirili koma adabwezedwa, n'kusiya mfuti yawo yaikulu m'manja mwa anthu a Jalasi. Adabwereranso mu Okutobala 1895 ndi gulu lalikulu lotsogozedwa ndi Major Edwards, mudziwo udagwa, Jalasi n'kuthawira ku Mozambique. Pamalo pomwepo Angerezi adamanga linga lotchedwa Fort Mangochi, limene pambuyo pake lidagwirapo ntchito ngati ndende, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse padaphunzitsidwa asilikali a King's African Rifles. Makoma ake amiyala alipobe, ochindikala, mitengo itamera m'kati mwa zipinda ndipo mizu italowa m'ming'alu. Nyengo ya mphukira ndiyo yabwino kuwaona, chifukwa udzu umene umawabisa m'dzinja umakhala utagwa kapena utapsa. Dziko litalandira ufulu, dzina la Fort Johnston lidachotsedwa ndipo tauni ndi boma lonse zidatenga dzina la phirili.

Mapiri a Namizimu nawo ali ndi mbiri yaposachedwapa. Henry Masauko Chipembere, atasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964, adabisala ndi omutsatira m'tchire la kuseri kwa Malindi, kwawo. Kuchokera kumeneko adatsikira ku Fort Johnston mu Febuluwale 1965, ndipo ulendo wawo wopita ku Zomba udathera pa doko la Liwonde. Midzi ya m'mphepete mwa mapiriwa idazunzika kwambiri pambuyo pake, ndipo nkhaniyi akuluakulu ena amaikambabe motsitsa mawu.

Kafikidwe ndi kayendedwe

Msewu wa M3 umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kudutsa chigwa, kenaka n'kuyamba kukwera zikhotakhota za ku Chowe. Umapitirira ku Namwera mpaka pachipata cha Chiponde, moyang'anizana ndi Mandimba wa ku Mozambique. Maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimayenda mumsewuwu tsiku lonse. Ngakhale amene sangathe kukwera phiri ndi miyendo angaone mphukira ali pagalimoto, chifukwa msewu umadutsa m'kati mwa miombo, ndipo pamakhota ena Malombe ndi Shire zimaonekera pansi. Pamwamba pa chitundacho pali dera lokwera la Namwera, lozizirira ndi lamvula yambiri kuposa kunyanja, lodziwika ndi minda ikuluikulu ya fodya.

Ulendo wa kulinga ndi kunsonga umayambira m'midzi ya m'mbali mwa msewuwu ndipo ndi wapansi. Mapiri onse awiri ndi nkhalango zotetezedwa ndi boma kuyambira 1924, choncho wolowamo ayenera kuyamba wapeza chilolezo kwa oyang'anira nkhalangoyo, ndiponso kutenga woperekeza wodziwa njira. Tinjira ta otola nkhuni ndi ta nyama timachuluka, timafanana, ndipo foni siigwira paliponse. Kunyamuka kuyenera kukhala kusanache, kuti chitunda choyamba chithe dzuwa lisanakalipe. Madzi akumwa anyamulidwe okwanira tsiku lonse, chifukwa timitsinje tambiri ta m'munsi timakhala titaphwa ndipo akasupe odalirika ali pamwamba. Juzi kapena chofunda n'chofunika kwa wogona komweko. Buluku lalitali limateteza ku nkhupakupa ndi ku chitedze, chimene panthawiyi chimakhala chitauma m'mbali mwa makwawa. Ubweya wake ukagwera pakhosi munthu amavula malaya pakati pa njira. Njoka nazo zimayamba kutuluka kukafunda.

Ulemu wa pamudzi ndi mbali ya ulendo. Mlendo sangodutsa, amayamba waonekera kwa amfumu, kunena kumene wachokera ndi chimene wadzera. Anthu ambiri kuderali ndi Ayao ndiponso Asilamu, ndipo moni wa "Ali uli?" umatsekula nkhope ngakhale zokamba zotsatira zikhale m'Chichewa. Lachisanu masana ndi nthawi ya kumzikiti, si yofunira woperekeza. Chinanso n'chakuti Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya zinamwali, ana ali patchuthi. Anyamata a jando amakhala ku ndagala, m'tchire la m'mphepete mwa mudzi, nthawi zambiri pafupi ndi mtsinje. Woperekeza akati njira iyi tiilambalale, palibe kufunsa kawiri, ndipo kujambula zithunzi kumeneko n'kulakwa kwakukulu.

Moto ndi makala

Nyengo ya mphukira ndi yaifupi, ndipo chimene chimaifupikitsa kwambiri ndi moto. Osaka mbewa, ofuna uchi ndi ososa minda amayatsa tchire, ndipo usiku wa Seputembala munthu ali pagombe la Malindi amaona mizere yofiira ikukwawa m'mapiri. Moto woyambirira, wa mu Juni kapena Julayi udzu ukadali ndi chinyezi, umangodutsa pansi osavulaza mitengo, n'chifukwa chake a zankhalango amaulimbikitsa. Moto wochedwa ndi wina. Umapeza udzu wouma, masamba anthete atangotuluka, ndipo umawaula mphukira zonse, n'kupha timitengo timene tikadalowa m'malo mwa ikuluikulu. Mtengo umene wataya masamba ake atsopano umayenera kuphukiranso kuchokera m'nkhokwe yomwe ija ya m'mizu, ndipo zikachitika chaka ndi chaka umafooka. Kwa woyenda, moto wa paphiri umathamangira kumtunda mofulumira kuposa munthu, kotero utsi ukaoneka m'munsi mwa njira, pothawira ndi pathanthwe kapena pamene papsa kale.

Mitengo yomweyi ya mombo ndi tsamba ndiyo imatulutsa makala abwino, olemera ndi okhalitsa pambaula. M'mawa uliwonse njinga zimatsika ku Chowe zitasenza matumba atatu kapena anayi, wokwerapo akukanikiza mabuleki ndi mphamvu zake zonse, kupita kumisika ya m'tauni. Amene amawotcha makalawo ndi anthu osowa pogwira, ndipo amene amawagula ndi ife tomwe a m'tauni. Kumpoto, kudera la Makanjira, okumba golide alowanso m'nkhalango ya Namizimu m'zaka zaposachedwapa, n'kusiya maenje m'mbali mwa mitsinje. Mitsinje yochokera m'mapiriwa, monga Lungwena, imathira m'nyanja, ndipo phiri likavulidwa mitengo, mvula yoyamba imakokolola dothi n'kukalitaya m'madzi osaya mmene chambo chimaswerana. Poyang'ana pansi kuchokera ku Chowe mu Seputembala, malire a nkhalango amaoneka okha popanda chikwangwani: mbali iyi kufiira kwa mphukira, mbali iyo zitsa ndi minda yososa kale, yodikira mvula.