Ndowa si Sikelo: Kawerengedwe ka Kulemera kwa Zokolola

M'misika ya Mgona, Kawale, Chinsapo ndi Area 25 mu Lilongwe, chimanga, soya ndi mtedza zimagulitsidwa kwambiri pa ndowa ndi zigoba. Koma mitengo yomwe boma limalengeza chaka chilichonse kudzera ku Unduna wa Zamalimidwe imakhala ya pa kilogalamu. Mlimi amene sadziwa kuti m'ndowa mwake mumalowa makilogalamu angati sangadziwe ngati wapindula kapena waberedwa.

Zinthu zitatu zoyenera kusiyanitsa

1. Kulemera: kumayesedwa pa sikelo, mu makilogalamu.
2. Malo omwe mbewu yadzadza: amayesedwa mu malita. Ndowa imayesa malo, osati kulemera.
3. Kulemera kwa lita imodzi: uku ndi komwe kusukulu amati density. Kumasiyana malinga ndi chinthu chomwe mwathira.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 imalowa madzi olemera makilogalamu 20. Chimanga sichifika pamenepo chifukwa pakati pa njere pamatsala mipata ya mpweya. Lita imodzi ya chimanga chouma bwino, chotonola, imalemera pafupifupi makilogalamu 0.72.

Kapezedwe ka kulemera kwa lita imodzi

1. Yesani ndowa yopanda kanthu pa sikelo.
2. Dzadzani ndowayo ndi mbewu n'kusalaza pamwamba ndi thabwa.
3. Yesaninso, kenako chotserani kulemera kwa ndowa.
4. Gawani makilogalamu otsalawo ndi malita a ndowayo.

Chitsanzo: ndowa yopanda kanthu yalemera kilogalamu 1, yodzadza yalemera makilogalamu 15.4. Chimanga chokha ndi makilogalamu 14.4. Tikagawa 14.4 ndi 20 tipeza 0.72.

Ntchito ya nambala imeneyi

Pofuna kudziwa kulemera: chulukitsani malita ndi 0.72. Dilamu ya malita 200 imalowa chimanga cha makilogalamu 144, pafupifupi matumba atatu.

Pofuna kudziwa malo ofunika: gawani makilogalamu ndi 0.72. Thumba la makilogalamu 50 limafuna malita pafupifupi 69, kutanthauza ndowa zitatu ndi theka.

Pofuna kudziwa mtengo weniweni: tiyerekeze kuti chimanga chili pa K1,000 pa kilogalamu. Ndowa yosalaza iyenera kugulidwa K14,400. Venda akakupatsani K12,000, ndiye kuti wagula pa K833 pa kilogalamu. Akaumirira kuti ndowa isefukire, mtengo watsikanso.

Zomwe zimasintha kulemera

Chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe chimapepuka ngakhale ndowa ioneke yodzadza. Chinyezi chimatupitsa njere ndipo kulemera kumasintha pamene chimanga chikuuma, choncho yesani chikauma kufika chinyezi cha 13 peresenti. Kugwedeza ndowa kumachepetsa mipata, motero mbewu yambiri imalowa. Mtedza wosaswa ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi woswa. Musagwiritse ntchito 0.72 pa mbewu zonse. Mbewu iliyonse iyesedwe payokha.

Kumbukirani

Gulitsani pa sikelo yomwe idayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Alimi otsogolera athandize makalabu awo kuyesa ndowa zawo asanapite kumsika, ndipo alembe makilogalamu a mbewu iliyonse pambali pa ndowayo.