Kufufuza kulowana kwa malo m'nkhokwe ya deta

M'nkhokwe ya deta yosunga mapu, munda, mudzi kapena boma limalembedwa ngati polygon, mndandanda wa madontho olumikizana omwe amazungulira malowo n'kukathera pomwe anayambira. Pofuna kudziwa ngati malo awiri alowana, nkhokweyo imafunsidwa m'chinenero cha SQL. Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi PostGIS, yomwe inatuluka mu 2001 ndipo imagwira ntchito mkati mwa PostgreSQL.

Lamulo la ST_Intersects limavomera malo awiri akangokumana, ngakhale pa dontho limodzi. Katete ndi Sinda ndi maboma a ku Zambia ogawana malire, choncho limavomera ngakhale palibe boma lomwe lalowa mwa linzake. Kugundana kwa m'malire kokha kumapezedwa ndi ST_Touches. Maboma a Sinda ndi Vubwi sagundana paliponse, ndiye malamulo awiriwa amakana.

ST_Overlaps ndi lomwe limasokoneza ambiri. Limavomera pokhapokha malo awiriwo akagawana gawo lina la m'kati, aliyense n'kutsalabe ndi gawo lakelake. Boma la Sinda linapangidwa mu 2012 kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, motero mapu ake akasanjikizidwa pa mapu akale a Katete, lamuloli limavomera. Vubwi, yemwe anachotsedwa ku Chadiza chaka chomwecho, yense ali m'kati mwa Chadiza wakale. Apa ST_Overlaps imakana, ndipo loyenera ndi ST_Within. Wofufuza minda yolembedwa kawiri akadalira ST_Overlaps yokha, kamunda komezedwa ndi munda waukulu sakakaona.

Kuyerekeza malire a madontho ambirimbiri kumachedwa, n'chifukwa chake nkhokwe imayamba yayerekeza mabokosi a ngodya zinayi ozungulira malowo pogwiritsa ntchito index ya GiST. Mabokosi akapanda kukumana, nkhani yathera pomwepo. Akakumana ndi pamene malire enieni amawerengedwa.

Malo onse awiri ayenera kukhala m'dongosolo limodzi la miyeso. GPS imapereka madigiri a WGS 84, pomwe mapu ambiri akale a Zambia anajambulidwa pa Arc 1950, ndipo kuwasakaniza kumasuntha malire ndi mamita mazana angapo. Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ali m'chigawo cha UTM 36S, momwe miyeso ili m'mamita. Ngakhale dongosolo likhale limodzi, malire oyezedwa kawiri safanana ndendende, ndipo pamatsala timizere topyapyala tooneka ngati kulowana. Pothana nato, gawo logawanalo limatulutsidwa ndi ST_Intersection, kukula kwake n'kuyezedwa ndi ST_Area, kenako tizigawo tochepera mlingo womwe wasankhidwa timasiyidwa.