Mphaka wa Miyendo Iwiri

Ife a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba timadziwa kulankhula mokuluwika. Mwana akaba nsomba pa thandala, agogo ake sanena kuti, "Iwe ndiwe mbala." Amangoti, "Pano pafika mphaka wa miyendo iwiri." Anthu amaseka, mwana nagwetsa nkhope. Palibe amene amanyamuka kukafuna mphakayo, cifukwa tonse tamva.

Tsopano tikuphunzira kuwerenga. M'mabuku a nthano ndi a ndakatulo muli amphaka a miyendo iwiri ambiri. Munthu angathe kuchula zilembo zonse bwino, koma osamva cimene wolemba akunena. Tiyeni tione m'mene makolo athu anagwiritsira nchito mau obisika pa nthawi ya atsamunda, ndi m'mene mauwo analowera m'mabuku.

M'caka ca 1891 boma la Apwitikizi linapereka dziko la Niassa ndi Cabo Delgado kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inakhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu cibalo mpaka caka ca 1929. Mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Kampani itacoka, mabvuto sanathe. Kuyambira 1938 mpaka 1961 anthu analima thonje mokakamizidwa. Mtengo wake unali wocepa, ndipo minda ya cakudya inasowa woilima. Wolephera kukwanitsa munda wake anamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo. Ena anakazinga mbeu za thonje usiku asanabzale, kuti zisamere.

Masiku amenewo munthu sakanatha kuima pamaso pa msipayo ndi kunena zakukhosi. Koma pa mtondo ndi kumunda anthu anali kuimba. Tiyerekeze mai akusinja, naimba za kabawi amene amabwera m'mawa kudzawerenga anapiye. Msipayo akudutsa amva nyimbo ya mbalame. Amai anzake amva za iye mwini. Kabawi waimira munthu wolanda, anapiye aimira ana a m'mudzi. Cinthu cooneka cikaimira cinthu cina cosachulidwa, timati ndi ciphiphiritso.

Ku Zambezia, m'minda ya nzimbe ya kampani ya Sena Sugar Estates, anchito anali ndi nyimbo yochula dzina la Paiva. Paiva Raposo anali Mpwitikizi wa masiku oyamba a minda imeneyo. Zaka zinapita, akapitao anasintha, koma dzina m'nyimboyo silinasinthe. Paiva anasanduka kampani yonse ndi kapitao aliyense wankhanza. Dzina la munthu mmodzi linasenza mlandu wa anthu ambiri.

Pali mau ena amene alimi a thonje anatisiyira. Mphunzitsi wa mbiri, Allen Isaacman, anayenda m'midzi ya m'Mozambique kufunsa nkhalamba za nthawi imeneyo. Buku lake la 1996 analicha dzina lotanthauza kuti thonje ndi mai wa umphawi. Taganizani bwino mau amenewa. Thonje liribe mimba, silibereka, siliyamwitsa. Koma mai ndiye amabala mwana namlera mpaka akule. Comweco thonje linabala umphawi ndi kuulera caka ndi caka. Mlimi akanati, "Thonje liri ngati mai," cikanakhala cifanifani, cifukwa mau akuti "ngati" atiuza kuti tikufanizira. Koma anacotsa "ngati", nanena kuti thonje ndi mai. Ife tikuona kuti fanizo lotere limalasa koposa. Lero ku Cuamba anthu alimabe thonje, koma amene anaona cikakamizo cija amamva mauwa m'manja mwao.

Ana a dziko lino amene anaphunzira sukulu anatenga luso lomweli nalilemba m'Cipwitikizi. Mmodzi ndi José Craveirinha, wobadwa m'caka ca 1922 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. M'ndakatulo yake yochedwa Grito Negro, wanchito wakuda afanizidwa ndi malasha, onga amene amakumbidwa ku Moatize. Wowerenga adzifunse: kodi malasha amatani? Amakumbidwa pansi, amatenthedwa kuti makina a mwini cuma ayende. Koma malasha oyaka amaochanso dzanja la wowagwira. Ndakatuloyo ndi dandaulo, ndiponso ndi cenjezo. Apolisi a PIDE anamanga Craveirinha kuyambira 1965 mpaka 1969. Buku lake lina analicha Karingana ua Karingana, mau a Cironga oyambira nthano, monga ife timati "Padangotero."

Wina ndi Luís Bernardo Honwana. M'caka ca 1964, caka cimene nkhondo ya ufulu inayamba, iye anatulutsa buku la nthano zazifupi lochedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso, kutanthauza kuti tinapha galu wa mphere. Nthano yaikulu ya m'bukulo ndi ya galu wokalamba, wa zilonda thupi lonse, wa maso obiriwira ngati thambo. Akuluakulu a m'tauni alamula anyamata a sukulu kuti akamuombere. Mnyamata wosimba nkhaniyo, Ginho, safuna, koma aopa kuti anzake amuyesa wamantha. Mtsikana mmodzi yekha, Isaura, ndiye akonda galuyo.

Nthano imeneyi tinaisimba m'Cinyanja m'kalasi mwathu, ndipo panabuka mkangano. Amai ena acikulire anati, "Aphunzitsi, galuyo ndife. Wodwala, wonyozeka, wophedwa popanda mlandu." Abambo ena, asodzi, anakana. Anati, "Iai. Munaona kuti munthu wakuda wa maso otero? Galuyo ndi ulamuliro wa atsamunda, wokalamba, woola, woyenera kufa." Anakangana mpaka dzuwa linapendeka. Anthu ophunzira kwambiri akhala akukangana cimodzimodzi pa galu yemweyo. Ife sitinagamule mlanduwo. Tinangopempha aliyense kuti aloze m'nthanomo pamene patsamira ganizo lake. Amai aja analoza zilonda. Abambo aja analoza maso. Onse awiri anawerenga bwino. Pamenepa ciphiphiritso cisiyana ndi cirapi. Tikati "nyumba yopanda khomo," yankho ndi limodzi, dzira. Galu wa Honwana ali ndi mayankho oposa limodzi, koma si yankho liri lonse. Wonena kuti galuyo ndi mvula ayenera kutionetsa mtambo m'nthanomo.

Honwana naye anamangidwa ndi atsamunda m'caka comweco ca 1964, cifukwa ca nchito za ufulu, nakhala m'ndende zaka zitatu.

Tisaganize kuti mau obisika anafunika pa nthawi ya azungu yokha. Tikaoloka malire pa Mandimba tifika m'boma la Mangochi ku Malawi. M'boma limenelo, m'mudzi wa Kadango, munabadwa Jack Mapanje m'caka ca 1944. Iye anakhala mphunzitsi pa Chancellor College ku Zomba. Dziko la Malawi linalandira ufulu mu 1964, koma pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda kudzudzula boma kunali koopsa. Panali bungwe la boma lounika mabuku ndi kuletsa amene silinawafune. Mapanje ndi anzake anayambitsa gulu la alembi pa sukulupo mu 1970. Iwo anabwerera ku nthano za makolo, ku zinyama ndi ku mizimu, kuti anene za masiku ao.

M'caka ca 1981 Mapanje anatulutsa ku London buku la ndakatulo za Cingerezi lochedwa Of Chameleons and Gods. Dzinali likunena za abirimankhwe ndi milungu. Birimankhwe tonse timdziwa. Amayenda pang'onopang'ono, amasintha maanga kuti afanane ndi tsamba limene wakhalapo, ndipo diso lina liyang'ana kutsogolo pamene lina liyang'ana kumbuyo. Timdziwanso m'nthano ija ya Cauta, amene anamtuma kukauza anthu uthenga wa moyo, koma buluzi anamposa liwiro nafika ndi uthenga wa imfa. Nanga birimankhwe wa m'bukuli ndani? Angakhale wolemba mwini, wobisala m'mau ake kuti asagwidwe. Angakhalenso anthu aja osintha maanga pofuna kukondweretsa wolamulira. Nayo milungu ya m'dzinali, wowerenga wa ku Malawi sanaifune kumwamba kokha.

Mu 1985 boma linacotsa bukulo m'masitolo, m'masukulu ndi m'nyumba zowerengera mabuku. Pa 25 September 1987, tsiku limene ife kuno timakumbukira ciyambi ca nkhondo ya ufulu, apolisi anagwira Mapanje ku Zomba. Anamtsekera ku ndende ya Mikuyu. Sanamtengere ku khoti, ndipo sanamuuze mlandu wake. Ife tikuganiza kuti mlandu wotere ukanawabvuta. Woimira boma akanayenera kutsegula bukulo pamaso pa anthu, kuloza nyama ina ya m'ndakatulo, ndi kunena ndi pakamwa pake kuti nyama iyi ndi mtsogoleri wathu.

Alembi a m'maiko ambiri anadandaula ndi kulemba makalata. Mapanje anamasulidwa mu May 1991, atakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anasamukira ku England pamodzi ndi banja lake. Dr. Banda anagonja pa cisankho ca 1994.