Sitima Zikaleka Kuyenda, Nthaka Nja Yani?

Kale m'dziko la Amereka munali njanji zambiri ndithu. M'chaka cha 1916 utali wache unaposa mamailosi 250,000. Koma atachuluka magalimoto, sitima zinayamba kuchepa, ndipo njanji zina zinasanduka thengo.

Pamenepo panabuka funso lovuta. Pomanga njanji, makampani ena sanagule nthaka ai, anangolandira chilolezo chopitapo. Monga mwa malamulo akale, sitima zikaleka kuyenda, nthakayo inayenera kubwerera kwa eni ache. Koma m'chaka cha 1983 aphungu a dzikolo anapanga lamulo lakuti njira zotere zisungike, anthu aziyendamo pansi kapena pa njinga, kufikira sitima zidzafunikanso.

Banja la Preseault, la mu mzinda wa Burlington ku Vermont, linakana zimenezi. Kampani inalandira chilolezo chopita pa malowo m'chaka cha 1899, ndipo zitsulo zinazulidwa mu 1975. Iwo anati chilolezocho chinali cha sitima, osati cha anthu odutsa pakhomo pao.

Mu 1990 bwalo lalikulu la milandu linati lamulolo nloyenera, koma eni nthaka akhoza kupempha malipiro. Mu 1996 bwalo lina linagamula kuti Boma linawalandadi nthaka, chotero liwalipire.

Mlandu suola. Mau olembedwa mu 1899 anagwira ntchito patapita zaka 97. Njirayo sinatsekedwe, anthu anapitiriza kuyendamo. Koma Boma linaphunzira kuti chokomera anthu onse sichitengedwa kwa mwini wache popanda mtengo.