Buku la Chikopa ndi Zimbale za BBC

Akatswiri a makompyuta ali ndi nthabwala imene amaponyerana akamakambirana za kasungidwe ka zolemba. Amati ukafuna kuti uthenga wako ukhalitse, uulembe padongo, kenako utenthe nyumba. Nthabwalayi ili ndi phata. Mzinda wa Nineveh utatenthedwa m'chaka cha 612 Khristu asanabadwe, moto unawotcha mapale adongo a mfumu Ashurbanipal monga mmene amawotchera mbiya, ndipo zidutswa zake zoposa 30,000 zili ku British Museum. Komweko kulinso phale lochokera ku Ur, la m'ma 1750 Khristu asanabadwe, pomwe Nanni akudandaulira wamalonda Ea-nasir za mkuwa wosakhala bwino. Anthu amaseka kuti dandaulo la kasitomala lapirira zaka zikwizikwi, chonsecho fulashi yogulidwa dzana yakana kale kutseguka. Kusekako n'komveka, koma kumatiyiwalitsa kuti chimene chimasunga zolemba si kulimba kwa chinthu cholembedwapo ayi, koma anthu amene sanaleke kuziwerenga ndi kuzikopera.

Umboni wake uli ku England. Mu 1085, mfumu William, amene anagonjetsa dzikolo, analamula kalembera wa minda, ziweto, zigayo ndi eni ake, ndipo mu 1086 zotsatira zinalembedwa m'Chilatini pa zikopa za nkhosa. Ndilo buku la Domesday, lotchula malo 13,418. Pokumbukira zaka 900 za bukuli, mu 1986 bungwe la BBC linakonza kalembera watsopano. Anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo ana asukulu, analemba za moyo wa m'madera mwawo natumizanso zithunzi. Zonsezi anaziika pa zimbale ziwiri zazikulu zonyezimira za LaserDisc, zowerengedwa ndi makina apadera a Philips olumikizidwa ku kompyuta ya BBC Master. Makinawo anali okwera mtengo, pafupifupi mapaundi 5,000, choncho anagulidwa ochepa ndipo posakhalitsa analeka kupangidwa. Pofika 2002 panali mantha akuti ntchito yonseyo sidzawerengekanso, pamene buku lachikopa lija linali chikhalire ku Public Record Office ku Kew, zilembo zake zikuoneka bwinobwino. Chofunika kuchizindikira apa n'chakuti zimbalezo sizinawole. Mawu a ana aja anali momwemo, ngati chimanga m'nkhokwe yopanda makwerero. Chimene chinkatha ndi makina ozisewerera, pamodzi ndi amisiri odziwa kuwakonza.

Wina anganene kuti nkhaniyi ikungotsimikiza nthabwala ija: chikopa chapambana, dongo lapambana, makina agonja. Koma tiyeni tione chifukwa chimene buku la Domesday linapulumukira. Silinatayidwe pakona n'kuiwalika. Linasungidwa pamodzi ndi chuma cha mfumu, poyamba ku Winchester kenako ku Westminster, chifukwa linkagwira ntchito pa milandu ya malo kwa zaka mazanamazana. Mu 1783 analisindikiza, ndipo pofika 1986 anali atalisokanso mwatsopano m'mabuku asanu. Mbadwo uliwonse unaikapo dzanja. Zikopa zina zosawerengeka za nthawi yomweyo zinapsa, zinanyowa, zinadyedwa ndi makoswe. Sitizitchula poti palibe chotsala choti tiloze. Dongo nalo silikuthandiza wotsutsayo monga akuganizira. Zilembo zokhomerera za ku Mesopotamia zinaleka kulembedwa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, ndipo kuchokera apo mapalewo anangokhala duu, opanda munthu wowamva. Zinatengera khama la akatswiri monga Henry Rawlinson ndi Edward Hincks kuti pofika 1857 anthu akhulupirire kuti akuwerengekadi. Phale lopanda wowerenga silisiyana ndi chimbale chopanda makina, kungoti lija linadikira nthawi yaitali.

Kutsutsa kwina n'kwakuti masiku ano kukopera n'kosavuta, ndiye vuto la 1986 silingabwerenso. Kukoperako n'kosavutadi, ndipo langizo lodziwika lakuti ukhale ndi makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi uliike kutali, ndi lanzeru. Koma makope sadzisamutsa okha. Alimi amadziwa kuti mbewu yamakolo siisungika poipachika pautsi pokha; uyenera kuibzala, kukolola, n'kupatulanso ina. Zimbale za BBC zinapulumuka mwanjira yomweyo. Akatswiri a ku yunivesite za Leeds ndi Michigan, pansi pa ntchito yotchedwa CAMiLEON, anapanga pulogalamu yochititsa kompyuta yamakono kugwira ntchito ngati yakale ija, ndipo ena anabwerera ku matepi oyambirira kukatenganso zithunzi. Mu 2011 BBC inaika mbali ya zolembazo pa intaneti m'dzina la Domesday Reloaded, moti amene anali ana asukulu mu 1986 anatha kuwerenganso zimene analemba za kwawo, ali kale ndi ana awo.